Sutikesi Yanga Ili kwa Malume Anu

Anandilanda sukulu ndili Folomu 2. Bambo anga atamwalira, abale awo anabwera kumaliro ndi ngolo, ndipo tsiku lometa lisanafike n'komwe, mbuzi, njinga ndi makina osokera zinali zitapita. Fizi yanga inkachokera pa makina amenewo. Kusukulu anandipirira mpaka pakati pa teremu, kenako anandiuza kuti ndinyamule katundu wanga. Chinthu chokhacho chimene abale aja sanachigwire ndi sutikesi yanga yachitsulo, chifukwa inali nane kusukulu yogonera komweko. Inali yobiriwira, ya loko wamkulu, ndipo bambo anali atalemba pamwamba pake ndi penti yoyera kuti FANUWELO, zilembo zopendekera ngati mpanda wakale.

Ana anga, amayi anu akuti chipumireni pa ntchito ndimangokhalira kukalipira nkhuku pakhonde, ndiye bola ndilembe. Za ubwana wanga sindilembapo, mulibemo chokoma. Ndiyambira pa ntchito, ndipo ndikathera pa sutikesiyo, chifukwa mwakhala mukundifunsa kuti sutikesi ya dzina langa ikutani m'nyumba ya malume anu a Biliati. Eni ake ndawapempha kuti ndilembe. Akuti lembani, bola musawonjezere zoti ndinalira.

Thambani, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'sitolo ya Che Idrisa, Msilamu wamalonda amene bambo ankasokera pakhonde pake. Ananditenga chifukwa cha bambo, osati chifukwa cha nkhope yanga, pakuti nkhope yanga masiku amenewo inkathamangitsa makasitomala. Ndinkadzuka ndili wokwiya kale. Munthu akafunsa mtengo wa sopo kawiri, ndinkamufunsa ngati makutu wawasiya kumunda. Anzanga a kusukulu akabwera kutchuthi n'kulowa kudzagula shuga akuyankhula Chingerezi, ndinkawapimira osawayang'ana, kenako n'kupita kuseri kukamenya matumba a mchere. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, sutikesi ili kumutu, mayunifolomu akadali momwemo. Ndinali ndi mawu amene sankachoka pakamwa panga. Thumba likang'ambika, bola kungofa. Mvula ikandinyowetsa, bola kungofa. Ndinkawanena ngati mmene ena amaimbira mluzu, koma masiku ena sindinkangonena chabe.

Che Idrisa sankakuwa. Ndikamukalipira kasitomala, iwo ankamuwonjezera kamchere kapamwamba n'kumuuza kuti amukhululukire mnyamatayu, wadya tsabola m'mawa. Anandipatsa makiyi onse: wa chitseko, wa kosungira katundu, ngakhale wa dirowa ya ndalama. Lachisanu masana ankavala mkanjo wawo woyera n'kupita kumzikiti, sitolo n'kundisiyira ndekha. Koma kuseri kwa kauntala kunali kakabati kamene munkakhala mankhwala a makoswe, a anankafumbwe ndi opopera mbewu, ndipo kiyi wa kakabatiko ankapita naye kumzikiti. Munthu akabwera kudzafuna mankhwala amenewo ndinkachita kumuuza kuti adikire abwana, ngati ndine kamwana. Zinkandiwawa. Ndinkaonanso kuti eni akewo sankagulitsa mankhwalawo kwa aliyense. Wobwera ndi botolo la zakumwa kuti amuthiriremo ankamubweza. Wobwera ataledzera, kapena maso ali psuu atangokangana ndi mkazi, ankamuuza kuti lero sindigulitsa, mubwere mawa ndi akunyumba. Ine mumtima ndinkati mkuluyu malonda sawadziwa.

Patapita zaka zingapo ndinamva kuti akufuna achinyamata oti awaphunzitse ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndipo nthawi imeneyo satifiketi ya Sitandade 8 inkakwanira. Ananditenga. Tsiku lotsanzika, nditakhalira sutikesi pakhonde kudikira lole, ndinati ndisachoke ndi funso pakhosi.

"Che Idrisa, ndalama munkandisiyira, koma kakabati ayi. Munkati ndiba mankhwala a makoswe ndikachite ndiwo?"

Anaseka, kenako kusekako anakusiya. "Fanuwelo, za kuba sindinakuganizirepo. Koma iwe unkati bola kungofa tsiku lililonse. Ena ankati ndi pakamwa chabe. Ine sindinkadziwa tsiku limene pakamwa padzagwirizane ndi mtima, ndiye ndinati tsikulo likadzafika, lidzapeze kiyi ali kumzikiti."

Sindinathokoze n'komwe. Ndinakwera lole ndili wokwiya monga mwa masiku onse, koma mawuwo anakwera nane.

Kwa Kanduku, zaka za m'ma 1990

Nditazungulira malo angapo, ananditumiza kwa Kanduku, kumapiri, kumene njinga umaikwera potsika pokha. Ntchito inali ya sikelo ya ana, katemera, zimbudzi ndi zitsime. Sikelo tinkaipachika pamtengo wa mango. Nyumba imene anandipatsa inalibe mpando kapena tebulo, ndiye sutikesi ija inali zonse ziwiri. Bwana wanga anali Mayi Zimba, namwino wa pachipatala chaching'ono chimene tinkaperekako malipoti, mayi wamfupi, woyankhula motsitsa, amene ndinkamuopa kuposa mabwana onse okuwa amene ndinakumana nawo. Zinthu zinkasowa. Machubu a njinga akatha ndinkatsindira udzu m'matayala. Mankhwala ankabwera, n'kutha, n'kudikiridwa. Kusowa kumeneko kunaphunzitsa anthu khalidwe limene ndalimbana nalo moyo wanga wonse. Mbiri ikangomveka kuti galimoto ya mankhwala yafika, mudzi wonse unkadwala tsiku lomwelo. Aliyense ankakatenga mapiritsi osungira matenda a m'tsogolo. Sindinkawada, ulendo wake unali wautali ndipo mawa ukanapeza atatha. Koma mapiritsiwo ankathera m'kachitini ka shuga, m'jumbo yopachika pamsomali, pansi pa mphasa, kapena kusomekedwa kudenga kumene mphepo inkawagwetsa. A malungo, a mutu, a agogo a kuthamanga kwa magazi, onse pamodzi, atachotsedwa m'timapepala tawo, moti ngakhale mwini wake sankadziwa kuti ili ndi la chiyani.

Tsiku lina ndikuyendera zitsime ndinamva akazi akukuwa pakhomo lina. Kamtsikana kongoyamba kumene kuyenda kanali katapeza kachitini ka agogo ake. Ndinapeza anthu atakazungulira, wina akukamwetsa mafuta ophikira, wina akufuna kukapisa chala kukhosi kuti kasanze. Ndinawakankha ndithu, sindinapemphe njira. Mayi Zimba anali atatiuza mobwerezabwereza kuti munthu akamwa choipa, osamusanzitsa, osamuthira chilichonse m'kamwa, kungothamangira naye kuchipatala, ndipo chimene wamwacho chinyamulidwe kuti achipatala akachione. Mayi wa mwanayo anakhala naye pakaliyala ya njinga yanga, kachitini m'thumba mwanga, ndipo potsika phiri lija sindikukumbuka ngati mabuleki ndinawagwira. Mwanayo anachira. Pano ali ndi ana akeake, ndipo akandiona kumsika amandipatsa nthochi, zija zakupsa kwambiri zimene zakanika kugulitsidwa.

Kuchokera pamenepo ndinasanduka mliri. Ndikafika pakhomo, moni ndinkamudula pakati n'kufunsa kuti mankhwala mumasunga pati. Ndinkakalipira amayi onyengerera ana kuti piritsi ndi switi, chifukwa mwana akakhulupirira zimenezo, mawa akalifunafuna yekha. Ndinkatola mapiritsi otsala ndi ofufuma kubwerera nawo kuchipatala, eni ake akunditukwana kumbuyo. Ndinkati chilichonse chakupha chizikhala m'chotengera chake, pamalo okwera, potseka ndi loko. Ankati loko ndi wodula. Ndinkaloza khola la mbuzi, limene linali ndi loko wonyezimira. Bambo wina anandiyankha kuti mbuzi zimabedwa, nanga mapiritsi angabe ndani? Ndinamuuza kuti wakuba wake ndi uyo akukwawa apoyo, ndipo bamboyo anandimana moni mpaka kukolola. Anthu anandipatsa dzina loti a Loko, ndipo linanditsata kulikonse. Madandaulo atafika kwa Mayi Zimba, anandiitana n'kundiuza kuti zimene ndimanena n'zoona, koma ndimazinena ngati ndikugenda. Anati ndizikhala pansi kaye, ndizilandira madzi, ndizifunsa za mbewu. Ndinayesa. Sindinganene kuti ndinakhoza.

Kumeneko n'kumene ndinapezako amayi anu, ndipo pamodzi ndi iwo ndinapeza mlamu, alongo awo a Biliati. Inu mumawadziwa ali ndi imvi, atakhala pansi pa mtengo ndi sipanala. Nthawi imeneyo anali chimunthu chosanjikiza matumba a makala mpaka njinga osaoneka. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa amayi anu ngati kuchipatalako a Folomu 4 anatha. Kuyambira pamenepo sanandiitanepo dzina. Ndinali a Folomu Thuu, dokotala wa pansi pa mango. Munthu wina akanati anene zimenezo, bwenzi titagwirana malaya. Koma uyu anali mlamu, ndipo ankazinena mokoma moti ndinayamba kuseka chinthu chimene chinkandiliza. Ine ndinkawatcha a Bwana Mwaye. Chilamu chathu chinali chotero: tikakumana osanyozana, ndiye kuti wina akudwala.

Kwa Nthache, nditatsala pang'ono kupuma

Malo anga omaliza anali kwa Nthache, dera lomwe malume anu anakwatirako. Ankakhala chikamwini, kwawo kwa akazi awo a Esinati, nyumba yawo moyang'anana ndi ya apongozi awo, a Nangozo. A Nangozo anali mayi wouma thupi, wogulitsa zitumbuwa, wa pakamwa pakuthwa kuposa panga, koma mwambo ankausunga wonse. Iwo ndi mkamwini wawo sankayang'anana kumaso, sankadyera pamodzi, sankapatsana chinthu pamanja. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Malume anu anali asanapondepo m'nyumba ya mayiyo chikwatireni.

Chaka china malume anu anagwa ndi njinga ya makala pamtsetse n'kumenyetsa mutu pamwala. Bala linapola, koma anayamba kugwa khunyu. Achipatala anawapatsa mankhwala akumwa tsiku lililonse, ndipo anawaletsa kuyandikira moto ndi kukwera njinga. Munthu wa makala ukamuchotsera moto ndi njinga wamuchotsera zonse. A Esinati anayamba kuyenda m'maganyu. Iwo ankatsala pakhonde, pamudzi wa eni, akuona akazi akudutsa ndi makasu. Popeza kuchipatala kunali kutali, mankhwala ankawapatsa ochuluka nthawi imodzi, ndipo ankakhala m'thumba la jekete lopachika kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina masana ndinapatukira pakhomopo ndikuchokera kusikelo. Ndinapereka moni wa masiku onse, kuti a Bwana Mwaye, mwayera bwanji chonchi, sopo mwamudziwa liti? Anayankha kuti mwaswera bwanji a Fanuwelo. Dzina langa lenileni. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pampu ya njinga, ija ankaikaniza aliyense, ngakhale abusa, n'kundipatsa kuti ndizipopera. Ndinafunsa za nkhwangwa imene inkakhala pakhonde, anati anapatsa mnzawo. Wailesi nayonso inali itapita. Anayamba kundiuza kuti mwana wawo wamkazi ndi wanzeru, ndidzamuyang'anire asadzasiyire sukulu panjira.

Kumaphunziro a ntchito anatiuza kuti ukakayikira, funsa mosazungulira, chifukwa kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe. Kuzungulira sindinakudziwepo chibadwire. Ndinatsamiritsa njinga n'kukhala pansi, monga anandiphunzitsira Mayi Zimba.

"Alamu, mukugawa katundu ngati munthu wa paulendo. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Anayang'ana chitseko. Kenako anati maganizowo amabwera, makamaka masana mudzi ukakhala zii, ndipo masiku ena amabwera mwamphamvu. Anati atopa kudyetsedwa ndi mkazi pamudzi wa eni, atopa kudzuka pansi anthu atawazungulira, fumbi kumaso. Anati pakhomopo pangapepuke iwo atachokapo. Sindinawadule mawu, ndinangomvetsera, chinthu chimene amayi anu sakhulupirira mpaka lero. Atamaliza anandigwira pamkono.

"Izi zithere pompano. Mukakauza Esinati, kapena mayi aja, chilamu chatha. Pakhomo panga musadzapondenso."

Pa ntchito yathu chinsinsi cha wodwala ndi chinthu chachikulu. Ndinali nditasunga zinsinsi za anthu ambiri, zina ndidzapita nazo. Ndipo uyu sanali wodwala wamba, anali munthu yekhayo amene ankandiseka za Folomu 2 ine osamva kuwawa. Ndinkadziwanso chimene ankaopa: mkamwini amene apongozi amva kuti wafooka mtima adzayenda bwanji pabwalo? Koma ndinayang'ana chitseko chimene iwo ankayang'anacho, ndi jekete kuseri kwake, ndi kabotolo ka mankhwala opopera tomato pawindo, ndipo ndinakumbukira kakabati ka ku Thambani. Che Idrisa sanandichotsere mkwiyo, analibe mphamvu imeneyo. Anangoika kiyi patali. Ine ndinali umboni woti maganizo oterewa amabwera ngati chimvula n'kudutsa, bola akafika asapeze chinthu pafupi.

Ndinawauza pamaso kuti ndinena, kuti asadzati ndinawazembera. "Chilamu chithe, alamu, inu mukhalepo." Ananditukwana, osati zachilamu, zenizeni. Sindinachoke. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga jekete ndi kabotolo kaja, ndipo ndinakhala nazo pakhondepo, pambali pawo, mpaka a Esinati atabwera kuchokera kuganyu dzuwa litapendeka. Ndili pomwepo ndinaimbira amayi anu foni kuti achotse mabulangete m'sutikesi yanga, aitumize pa kabaza.

A Esinati analira mwakachetechete, kenako anapukuta maso ndi chitenje n'kuyamba kusonkhanitsa. M'nyumba yaing'ono ija munatuluka zambiri: mapiritsi otsala a malungo, ena osadziwika m'kapepala, mankhwala a makoswe kuseri kwa mtsuko, a chimanga pamwamba pa khoma. A kumunda ndi a makoswe sasakanizidwa ndi akumwa, ndiye ndinawamanga paokha kuti ndikawatsekere kwathu. Akale ndi osadziwika ndinawaika padera, obwerera kuchipatala. M'sutikesi munalowa okhawo amene malume anu ankayenera kumwa. Ndinatseka loko n'kupereka kiyi kwa a Esinati. Anabweza manja kumbuyo.

"Achimwene, ine ayi. Akadzandiuza kuti Esinati bweretsa kiyi, ndidzakana lero, ndidzakana mawa. Mkuja ndidzapereka. Ndi amuna anga."

Ananena zoona, ndipo ndinawalemekeza chifukwa chonena. Ine ndinkakhala kutali, sindikanatha kumabwera m'mawa ndi madzulo. Tinaima pamenepo ndi kiyi ngati anthu otola chinthu cha eni. Ndiye kunamveka kutsokomola kuseri kwa nkhokwe. A Nangozo anali atamva zonse, pakuti pamudzi wotere mpanda ndi waudzu. Sanayang'ane kumene kunali mkamwini wawo. Anayankhula atayang'ana nkhuku zimene zinkatola madeya.

"Nkhuku inu, kauzeni a Loko kuti sutikesiyo ikalowe kwanga. Ndimuone amene adzabwere kudzandipisa m'chiuno."

Ndinazindikira pomwepo kuti mayiyo wapeza loko woposa wanga. Pa anthu onse, a Nangozo anali munthu mmodzi amene malume anu sakanatha kumulamula, kumunyengerera, kapena kulowa m'nyumba mwake. Mwambo umene ine ndinkauona ngati wotayitsa nthawi unali utaima pakati pa mlamu wanga ndi sutikesi. Kiyi mayiyo anamumangirira pachingwe cha m'chiuno, pamodzi ndi kachikwama ka zitumbuwa. Malume anu anakokera chipewa kumaso.

M'mawa mwake tinapita nawo kuchipatala cha paboma, kwa dokotala woona za maganizo. Malume anu anavomera kupita chifukwa a Esinati anachita kugwada, ndipo m'galimoto anakhala kutali nane. Dokotalayo anacheza nawo paokha, anakonza zoti azibweranso, ndipo tinagwirizana kuti mankhwala azitengedwa ochepa, wotenga akhale a Esinati. Anzanga ena a ntchito ankati ndinafulumira kuulula. Mayi Zimba anali atapuma kalekale, koma ndinakawapeza kwawo. Anati chinsinsi chimene mathero ake ndi maliro sichisungidwa, bola mwini wake umuuze kuti ukukanena. Atamva kuti ndinakhala pansi n'kumvetsera, anati ndachedwa, koma ndayamba kuphunzira.

Pakati pa nyumba ziwiri zija panali mtondo wakale wong'ambika umene anauzondotsa kuti ukhale mpando. M'mawa ndi madzulo a Nangozo ankatsegula sutikesi, n'kuika mankhwala a nthawiyo pakambale, kapu ya madzi pambali, n'kusiya pamtondopo. Kenako ankabwerera kuseri kwa nkhokwe n'kuuza nkhuku kuti mbale ikudikira eni ake. Malume anu ankatuluka, n'kumwa atatembenukira kwina, n'kuuza nkhuku zomwezo kuti zikathokoze. Mayiyo sankachoka mpaka atamva kapu ikugunda pamtondo. A Esinati anandiuza kuti patapita nthawi pakambalepo panayamba kubwera chitumbuwa chotentha, ndipo nkhuku zinayamba kutumidwa nkhani zina. Chitseko cha khola chagweduka, kodi pamudzi pano palibe mwamuna? Mpini wa khasu wathyoka. Njinga ya aneba yadula tcheni, akuti mpaka aikankhe kukafika kumsika, ngati kuti pano palibe amene anakalambira panjinga. Mayi amene malume anu ankaopa kuti awanyoza ndi amene ankawapezera chochita tsiku lililonse, ndipo kunja kwa mpanda sanauzeko munthu.

Panali tsiku lina, malume anu anandiuza patapita zaka, limene maganizo aja anabwera mwamphamvu kuposa kale. Mudzi unali zii. Anayenda mpaka pamtondo. Kuchokera pamtondo kukafika pakhomo la apongozi ndi pafupi, koma miyendo inakana, chifukwa inali isanadutsepo pamenepo. Anakhala pamtondopo mpaka a Nangozo atatulukira ndi lichero, n'kufunsa nkhuku ngati alendo a pamtondo amwa tiyi. Mayiyo anakhala kuseri kwa nkhokwe akupeta ndi kudandaulira nkhuku za mtengo wa mafuta, osachokapo. Pomwe tiyi ankatha, chimvula chija chinali chitadutsa. Madzulo malume anu anauza a Esinati, ndipo m'mawa anabwerera kwa dokotala uja.

Ine dzinja lonse sanandiyankhule. Ndikabwera ndi sikelo m'mudzimo ankalowa m'nyumba. Amayi anu ankapita okha kukawaona, pobwera n'kungoti ali bwino. Zinkandipweteka, ndisaname. Pampu ija ndinaipachika kuchipinda, sindinapoperepo. Tayala likaphwa ndinkakabwereka kwa aneba.

Chimanga chitayamba kuuma, ndili pansi pa mtengo ndikukweza ana pasikelo, ndinamva mawu kumbuyo kwanga, pamaso pa amayi onse aja.

"A Folomu Thuu, kodi kusukulu kwanu kuja, asanakuthamangitseni, sanakuphunzitseni kubweza zinthu za eni? Pampu yanga."

Ndinayankha osacheuka kuti a Bwana Mwaye, munandipatsa nokha. Anati munthu wodwala akakupatsa chinthu, wanzeru amakana, koma nanga nzeruzo mukanazitenga kuti poti Folomu 3 simunaione. Amayi aja anaseka, mwana ali lende pasikelo, ndipo ine ndinayang'ana manambala nthawi yaitali ngati sakuoneka bwino. Anali atayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambano, ntchito yokhala pansi, yopanda moto, ndipo pampu ankaifuna. Ndinakaipereka madzulo omwewo.

Kuno kumudzi, lero

A Nangozo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Za kulira andiletsa, ndiye sindinena amene analira kuposa ana obadwa kwa mayiyo. Asanamwalire anamasula kiyi m'chiuno n'kupatsa a Esinati, ndipo sutikesi inawoloka bwalo. Kugwa kwa malume anu kuja kunachepa, mankhwala akumwabe. Mukawafunsa amati amatsekera adzukulu, ndipo n'zoona, koma kiyi amakhala ndi a Esinati, ndipo malume anu ndi amene ananena okha kuti zikhale choncho, atauzanso akazi awo kuti akadzamupempha, asadzakangane nawo, adzangondiimbira ine. Masiku olemera akabwera amanena. Amandiimbira foni n'kuyamba ndi kundinyoza, ndipo ndikamva a Folomu Thuu mtima umakhala pansi.

Inu m'nyumba zanu za m'tauni ndaonamo mapiritsi pamwamba pa firiji, m'zikwama, pambali pa bedi, adzukulu anga akuyendayenda. Ndikanena mumati adadi ayamba. Ndayambadi, ndipo sindisiya. Gulani loko. Ndipo wina mwa inu akadzasiya kuseka zimene amaseka, n'kuyamba kugawa zinthu zake, mudzamufunse mosazungulira, mudzakhale naye pansi, mudzapite naye kuchipatala, kiyi mudzamuike kutali. Akadzakwiya, adzakwiye.

Abale a bambo anga ndinasiya kuwaganizira. Ambiri anapita, mbuzi zija zinatha, sukulu sinabwerere. Ngongole imene yatsala ndi imodzi yokha. Ine pampu ndinabweza. Malume anu ali ndi sutikesi yanga imodzi, yobiriwira, ndi loko wake. Ndikawakumbutsa n'kuwalozera dzina, amati a Fanuwelo ndi ambiri m'dziko muno. Ine ndikadzapita, musadzapite ndi ngolo kukaitenga. Sutikesi imodzi ndi loko mmodzi. Asadzabweze.